Ulendo wa selo kuchokera pachilonda kukafika kumwanabere

Munthu akaponda minga kapena akadzitema ndi khasu kuphazi, bala lija n'kuyamba kutukusira, pakapita masiku awiri kapena atatu amamva kachotupa kowawa m'mphechepeche. Ameneyo ndi mwanabere, ndipo achikulire akangomva kuti mwana ali naye amayamba afunsa kuti chilonda chili pati, chifukwa anaona kalekale kuti bala la kuphazi limatupitsa m'mphechepeche, la kudzanja limatupitsa m'khwapa, ndipo zilonda za kukhosi kapena za m'mutu zimatupitsa m'mbali mwa khosi. Chimene sitifunsa kawirikawiri n'chakuti nkhani ya kuphazi yafika bwanji kumtunda kwa ntchafu, ndiponso chifukwa chake thupi limakayambira ntchito kutali chotero m'malo mothana ndi vutolo pomwe lagwera. Mbali yaikulu ya yankho ili mu ulendo wa maselo ochepa otchedwa maselo a dendritic, amene amanyamuka pachilonda atatenga tizidutswa ta kachilombo n'kukatitula kumwanabere. Mabuku ambiri a sukulu amaufotokoza ulendo umenewu ndi kamuvi kamodzi kochokera pakhungu kuloza kumwanabere, kenaka n'kuthera masamba ambiri pa zimene zimachitika selo likafika. Ine ndimaona kuti kamuvi kameneko kabisa zambiri, popeza kufulumira kwa chitetezo cha m'thupi, mphamvu zake, ngakhalenso kuchedwa kwake pa matenda monga TB, zimachokera pa zimene zachitika panjira.

Vuto loyamba ndi la chiwerengero. Maselo a T, asilikali a chitetezo cha m'thupi amene gulu lawo limodzi ndi maselo a CD4 omwe ambiri tinawadziwira kuchipatala chifukwa cha HIV, sagwira ntchito mwachisawawa. Selo lililonse limazindikira kachidutswa ka puloteni ka mtundu wakewake, ndipo pa kachilombo kamene thupi silinakumanepo nako, maselo oyenerera amakhala ochepa zedi, mwina limodzi mwa maselo 100,000 kapena limodzi mwa 1 miliyoni. Komanso maselo a T amene sanagwirepo ntchito sayendayenda pakhungu kapena m'mapapo. Kuyambira m'chaka cha 1959, James Gowans wa ku Oxford anasonyeza pa makoswe kuti maselo a mtundu umenewu amazungulira usana ndi usiku, kuchoka m'magazi kulowa mu anabere, n'kutulukamo kudzera m'mitsempha ya lymph, imene imanyamula madzi otuluka m'minofu, kubwereranso m'magazi. Munthu ali ndi anabere pafupifupi 500 kapena 600, choncho selo loyenerera likhoza kukhala lili m'khwapa pamene kachilombo kali kuphazi, ndipo ziwirizi sizingakumane mwangozi. Payenera kukhala malo okumanira, komanso wina wobweretsa umboni pamalopo.

Wobweretsayo anaoneka kale anthu asanadziwe ntchito yake. Mu 1868, Paul Langerhans, ali ndi zaka 21 ndipo akuphunzira zaudokotala ku Berlin, anaona maselo a nthambinthambi m'khungu la munthu, ndipo chifukwa cha maonekedwe awo anaganiza kuti ndi a mitsempha yomvera. Panapita zaka zoposa 100 kuti Ralph Steinman ndi Zanvil Cohn a ku Rockefeller University ku New York, mu 1973, afotokoze maselo ena a nthambi amene anawapeza m'kapamba wa mbewa, n'kuwapatsa dzina limene tikugwiritsa ntchito lero. M'zaka zomwezo za m'ma 1970, ofufuza ena amene ankatunga madzi a lymph ochokera pakhungu la nkhumba ndi akalulu ankapezamo maselo akuluakulu okupiza timapiko topyapyala, ali pa ulendo wopita kumwanabere. Kenaka m'ma 1980 kunabwera njira yosavuta koma yokhutiritsa: ankapaka mankhwala owala pakhungu la mbewa, ndipo pakapita tsiku limodzi ankapeza maselo a dendritic owala mu mwanabere wa dera limenelo. Zimene zinkaoneka ngati maselo osiyanasiyana, a pakhungu, a m'madzi a lymph ndi a m'mwanabere, zinayamba kuoneka kuti ndi magawo a ulendo umodzi.

Lisananyamuke, selo la dendritic limakhala ndi khalidwe losiyana kwambiri ndi limene lidzakhale nalo likafika. Ntchito yake imakhala kumeza. Limamwa timadontho ta madzi olizungulira, limatola nyenyeswa za maselo akufa, ndipo ofufuza a ku Institut Curie ku Paris anaona kuti limayenda modukizadukiza, kuthamanga pang'ono kenaka n'kuima kuti limwe. Likamva chizindikiro cha ngozi, monga zidutswa za khoma la bakiteriya kapena mankhwala a TNF ndi IL-1 amene maselo ovulala amatulutsa, limameza kwambiri kwa kanthawi kochepa, kenaka limachepetsa kumezako, n'kuyamba kuika kunja kwake tizidutswa ta zimene lameza, ndipo kuyenda kwake kumakhala kwa changu ndi kolunjika. Kuchepetsa kumezako n'kofunika, chifukwa zimene selo lanyamula ziyenera kuimira malo amene ngozi inachitikira, osati chilichonse chimene lingakumane nacho m'njira.

Mu 1998, gulu la Christophe Caux ku France ndi la Federica Sallusto ndi Antonio Lanzavecchia ku Basel anafotokoza kusintha kumene kumaloza selo kolowera. Selo losakhwima, limene silinamvebe chizindikiro cha ngozi, limakhala ndi mapuloteni omvera monga CCR1, CCR5 ndi CCR6, amene amalikokera kumene kuli kutupa. Likakhwima limawachepetsa amenewa n'kuchulukitsa ina yotchedwa CCR7, imene imamva mankhwala awiri, CCL21 ndi CCL19, opangidwa ndi mitsempha ya lymph komanso anabere. Chaka chotsatira, Reinhold Förster ndi Martin Lipp ku Berlin anafotokoza mbewa zimene anazichotsera CCR7, ndipo mu mbewa zimenezo maselo a dendritic a pakhungu ankakhwima koma ankalephera kukafika kumwanabere, moti chitetezo pa kachilombo katsopano chinkachedwa kwambiri. Pa maselo a Langerhans, aja anaoneka mu 1868, amene ali m'khungu lakunja kwenikweni, pamakhala ntchito ina yowonjezera: ayenera kumasula puloteni ya E-cadherin imene imawamatiriza ku maselo anzawo a khungu, ndiponso kuboola kansalu kolimba kolekanitsa khungu lakunja ndi lamkati pogwiritsa ntchito ma enzyme a MMP-2 ndi MMP-9. N'chifukwa chake amachedwa. Gulu la Bernard Malissen ku Marseille linasonyeza mu 2005 kuti maselo a dendritic a m'khungu lamkati amafika kumwanabere tsiku loyamba kapena lachiwiri, pamene a Langerhans amachuluka cha m'tsiku lachinayi, ndipo magulu awiriwa sakhala pamalo amodzi akafika.

Gawo limene limandichititsa chidwi kuposa onse ndi lalifupi kwambiri, lochokera pamene selo lili kukafika pa kamtsempha ka lymph kapafupi. Khungu lamkati ndi lodzaza ndi ulusi wa collagen wolukanalukana, ndipo mipata yake ina ndi yaing'ono kuposa selolo. Kwa zaka zambiri zinkaoneka zosakayikitsa kuti selo lililonse lokwawa limafunika mapuloteni otchedwa integrin, amene limagwirira pansi n'kudzikoka. Mu 2008, Tim Lämmermann ndi Michael Sixt, akugwira ntchito ku Martinsried pafupi ndi Munich, anachotsa ma integrin onse m'maselo a dendritic a mbewa, n'kuwabaya pakhungu. Maselowo anakafika kumwanabere bwinobwino mofanana ndi anzawo. Pamalo athyathyathya ankalephera kuyenda, koma m'kati mwa ulusi, momwe muli makoma mbali zonse, sankafunika chogwirira. Amene anaonapo wokumba chitsime akutuluka m'chitsime chopapatiza popanda chingwe, msana atautsamiritsa kukhoma ili, mapazi akuponda khoma linalo, amvetsa msanga mmene zimenezi zimathekera. Kutsogolo kwa selo, ulusi wa actin umakula n'kukankhira thupi lake m'mpata uliwonse umene wapezeka, ndipo kumbuyo puloteni ya myosin imafinya pokhapokha pamene mpata wachepa kwambiri moti phata la selo, limene limasunga DNA ndipo ndi lolimba kuposa mbali zina zonse, lakanirira.

Kufinyako si kwamasewera. Mu 2016, gulu la Matthieu Piel ku Paris linaona kuti selo la dendritic likamadutsa pampata wothina kwambiri, chikuto cha phata lake chimang'ambika, zamkati n'kuyamba kusakanikirana ndi zakunja, ndipo selolo limasoka pong'ambikapo mwachangu pogwiritsa ntchito mapuloteni otchedwa ESCRT-III. Maselo amene analepheretsedwa kusoka ndiponso kukonza DNA yowonongeka ankafa. Kamuvi ka m'buku la sukulu sikasonyeza kuti wonyamula umboni amadzivulaza m'njira.

Nanga limadziwa bwanji kolowera? Maselo a khoma la timitsempha ta lymph amatulutsa CCL21, ndipo puloteni imeneyi ili ndi kamchira kamene kamamatirira pa shuga wa mtundu wa heparan sulfate amene ali paulusi wozungulira. Choncho siuluzika n'kumwazikana, koma imakhala yomata, yochuluka pafupi ndi mtsempha ndi yochepa pamene ukutalikira. Gulu la Sixt, litasamukira ku Austria, linayeza zimenezi mu 2013 pakhungu la khutu la mbewa, n'kupeza kuti selo limayamba kuyenda molunjika likafika pamtunda wa ma micrometre pafupifupi 90 kuchokera pamtsempha, kumene ndi kuchepera pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Atathira CCL21 yambiri ponseponse kuti pasakhale kusiyana pakati pa pafupi ndi patali, maselo anasokonezeka. Ndiye kuti selo limatsata kusiyanako, ndipo mankhwala ochuluka amene ali paliponse mofanana salithandiza kanthu.

Polowera pamakhala pokonzeka kale. Mitsempha ya lymph imayambira m'khungu ngati timachubu totsekeka kumapeto, ndipo mu 2007 Peter Baluk ndi Donald McDonald ku San Francisco anasonyeza kuti maselo a khoma la timachubu timeneti salumikizana mosalekeza. Amagwirana pamalo apatalipatali amene ofufuzawo anawatcha mabatani, ndipo pakati pa mabataniwo pali timilomo tosanjikizana timene timatseguka madzi akamalowa. Kansalu kokuta kunja kwa kachubuko nakonso kali ndi timabowo. Selo la dendritic limapeza kabowo, limapinda kamlomo kulowetsa m'kati, n'kudutsa popanda kuphwanya cholumikizira chilichonse. Munthu angayembekezere kuti likangolowa madzi alikokolola, koma sizitero. Madzi a m'timachubu toyambirira amayenda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo gulu la Cornelia Halin ku Zurich linajambula maselo akukwawa m'kati mwa khoma kwa maola angapo, ena akubwerera m'mbuyo kenaka n'kutembenukanso, koma ambiri akulowera kumunsi kumene madzi akupita, motsogozedwa ndi CCL21 yomwe ija. Akafika m'mitsempha ikuluikulu, imene ili ndi zotsekera zoletsa madzi kubwerera ndiponso minofu imene imafinya payokha, m'pamene amataya khoma n'kutengedwa ndi madzi. Zotsatira zake n'zodabwitsa: nthawi yambiri ya ulendo imathera pa gawo losakwana milimita zochepa, ndipo mtunda wautali wonse wotsalawo selo limaudutsa mofulumira, litanyamulidwa.

Madzi a lymph akafika pamwanabere amathira m'kampata kamene kali pansi pa chikuto chake. Apa selo liyenera kuboola pansi pa kampatako n'kulowa m'kati, ndipo vuto lija la kusiyana limabweranso, popeza madzi obwerawo ali ndi CCL21 ndi CCL19 zawo zimene zikanatha kufafaniza njira. Maselo a kudenga la kampatako ali ndi puloteni yotchedwa ACKR4, imene ntchito yake ndi kumeza mankhwala awiriwa n'kuwawononga, kotero kuti kudenga amakhala ochepa, pansi ndi m'kati n'kukhala ochuluka. Mbewa zopanda ACKR4 zimakhala ndi maselo a dendritic ounjikana m'kampatamo. Selo likadutsa limakwawa pa ukonde wa maselo aulusi amene amagwira mwanabere, omwenso amapanga CCL21 ndi CCL19, mpaka kufika m'dera la maselo a T, ndipo ambiri amakakhazikika pafupi ndi timitsempha tapadera ta magazi timene maselo a T amalowera. Nawonso maselo a T amatsata CCR7 yomweyo. Apa ndi pamene ndimaona nzeru ya kapangidwe konseka: wochokera pachilonda kudzera m'madzi a lymph ndi wochokera m'magazi amamvera chizindikiro chimodzi, choncho amathera pamalo amodzi popanda wowaitana aliyense payekha.

Kuyambira mu 2002, pamene Mark Miller ndi Michael Cahalan ku Irvine, California, anayamba kujambula maselo amoyo m'kati mwa mwanabere ndi maikulosikopu ya laser, zochitika pamenepa zinaoneka ndi maso. Maselo a T amathamanga ma micrometre oposa 10 pa mphindi, pamene selo la dendritic limakhala pafupifupi pamodzimodzi likutambasula nthambi zake uku ndi uku, ndipo pa ola limodzi limakhudzana ndi maselo a T mazana ambiri, mwinanso masauzande. Gulu la Ulrich von Andrian ku Harvard linafotokoza mu 2004 kuti kukumanako kuli ndi magawo atatu: maola pafupifupi 8 oyambirira a kukhudzana kwachidule, kenaka nthawi ya kugwirana kolimba kopitirira ola limodzi, kenaka tsiku lachiwiri maselo a T n'kuyamba kugawikana. Pa nthawi yomweyo maselo ambiri amalowa kuchokera m'magazi ndipo khomo lotulukira limatsekeka kwa kanthawi. Kuti mwanabere asang'ambike ndi kuchuluka kumeneku, selo la dendritic limakhudza maselo aulusi aja ndi puloteni yake ya CLEC-2, iwo n'kumasuka, ukonde wonse n'kutanuka, monga anasonyezera Sophie Acton ndi Caetano Reis e Sousa ku London mu 2014. Selo lobwera lija silibwereranso pakhungu, ndipo m'madzi otuluka mu mwanabere simupezeka maselo otere kawirikawiri. Limafera momwemo pakapita masiku ochepa.

Wina angafunse ngati ulendo wovuta chonchi uli wofunikadi, popeza madzi a lymph nawonso amanyamula tizidutswa ta kachilombo, ndipo mu mwanabere muli kale maselo a dendritic ena amene anafika kudzera m'magazi kuchokera m'mafupa. Funsoli n'lomveka. Mapuloteni ang'onoang'ono amalowadi m'timipope ta m'kati mwa ukonde uja n'kufika kwa maselo okhala momwemo m'nthawi yochepa. Koma mu 2003, Andrea Itano ndi Marc Jenkins ku Minnesota, atabaya puloteni pakhungu la mbewa, anasonyeza kuti pamakhala mafunde awiri. Loyamba ndi la puloteni yoyandama imene imafika m'maola oyambirira, ndipo limadzutsa maselo a T. Lachiwiri ndi la maselo ochokera pakhungu amene amafika patapita pafupifupi tsiku limodzi. Atachotsa msanga khungu la pamalo amene anabaya, funde lachiwiri silinabwere, ndipo maselo a T anadzuka koma sanafike pa mphamvu zawo zonse. Selo loyenda limabweretsa zoposa kachidutswa, chifukwa linali pamalo a ngozi ndipo likudziwa mtundu wa ngoziyo.

Limabweretsanso chidziwitso cha kumene lachokera. Maselo a dendritic a m'matumbo amapita ku anabere a m'mimba, ndipo kumeneko amasandutsa vitamini A kukhala retinoic acid, imene imachititsa maselo a T kuvala mapuloteni owalondolera kumatumbo, monga anapezera Makoto Iwata ndi anzake ku Japan mu 2004. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene katemera wodonthezera m'kamwa, monga wa poliyo ndi wa rotavirus amene ana athu amalandira kusikelo, amamangira chitetezo m'matumbo momwe tizilomboto timafikira. Tiyeneranso kukumbukira kuti ulendowu suchitika pa nthawi ya matenda yokha. Tsiku lililonse maselo ena a dendritic amanyamuka pakhungu, m'mapapo ndi m'matumbo popanda ngozi iliyonse, atatenga nyenyeswa za thupi lomwelo ndi za chakudya, ndipo akafika amaphunzitsa maselo a T kuti zimenezi azisiye. Mbewa zopanda CCR7 zimalephera kuphunzira kulolera mapuloteni amene zadya. Mu 2004, Andrew Macpherson ndi Therese Uhr ku Zurich anapeza kuti maselo a dendritic amanyamula mabakiteriya amoyo a m'matumbo mpaka ku anabere a m'mimba, koma osapitirira pamenepo, motero thupi limawadziwa mabakiteriyawo popanda kuwalola kufalikira. Kapamba ali ndi dongosolo lina, popeza alibe mitsempha ya lymph yolowa ndipo amasefa magazi. Mmenemo ulendo ndi waufupi, wochokera m'mphepete momwe magazi amathira kupita m'dera la maselo a T, ndipo umatha m'maola ochepa.

Tizilombo tina timapindula ndi njira imeneyi, ndipo chitsanzo chimene chimatikhudza kwambiri kuno ndi TB. Kachilombo ka TB kakalowa m'mapapo kamamezedwa ndi maselo a macrophage a m'timatumba ta mpweya, amene sakonda kuyenda ulendo wa kumwanabere. Gulu la Joel Ernst ku New York University linasonyeza mu 2008 kuti pa mbewa maselo a T sayamba kudzuka mpaka mabakiteriya amoyo atafika ku mwanabere wa pakati pa chifuwa, ndipo zimenezi zimatenga masiku 9 mpaka 11, ngakhale m'mapapo mutakhala kale mabakiteriya ochuluka. Kuti uthenga unyamuke, kachilomboko kayenera kaye kutuluka m'selo limene kanalowamo n'kutoledwa ndi selo loyenda, ndipo kachilombo ka TB kamadziwa kusunga selo lake lamoyo kwa nthawi yaitali. Pa chimfine cha influenza, maselo a dendritic amafika ku mwanabere yemweyo m'tsiku limodzi kapena awiri. Masiku owonjezerawo kachilombo ka TB kamawagwiritsa ntchito kuswana mosadodometsedwa, ndipo pamene maselo a T akufika m'mapapo amapeza katakhazikika kale. Kwa munthu, kuyeza kwa pakhungu kumatenga masabata angapo kuti kuonetse kuti wakumana ndi TB. Ine ndimaona kuti pokamba za chifukwa chake TB ndi yovuta kuigonjetsa, kuchedwa kwa panjira kumeneku kuyenera kutchulidwa pamodzi ndi kulimba kwa khoma la kachilomboko.

Pa malungo, Rogerio Amino ndi Robert Ménard a ku Institut Pasteur anajambula mu 2006 tizilombo timene udzudzu umalavulira pakhungu la mbewa, n'kuona kuti si tonse timalowa m'magazi kupita kuchiwindi: tina timalowa m'mitsempha ya lymph n'kukathera mu mwanabere, momwe tambiri timawonongedwa m'maselo a dendritic. Chaka chotsatira gulu la Fidel Zavala ku Johns Hopkins linasonyeza kuti maselo a T a gulu la CD8 amene amakalimbana ndi tizilomboti m'chiwindi amadzutsidwira mu mwanabere wa pakhungu ameneyu. Pa HIV nkhani yake ndi yowawa. Mu 2000, ofufuza a ku Nijmegen ku Netherlands anafotokoza puloteni ya DC-SIGN, imene m'mayeso a mu labotale imagwira kachilombo ka HIV n'kukapereka kali kamoyo kwa maselo a CD4, amene ndiwo kachilomboko kakufuna. Koma mu 2007 kunapezekanso kuti maselo a Langerhans ali ndi puloteni ya langerin imene imagwira HIV n'kuiwononga, malinga ngati khungu silinatupe ndipo tizilombo sitinachuluke kwambiri. Izi zikugwirizana ndi zimene azaumoyo amanena kuti matenda ena opatsirana pogonana, amene amabweretsa zilonda ndi kutupa, amatsegulira HIV njira.

Kufunika kwa ulendowu kunaonekera bwino pamene madokotala anayesa kuutengera m'manja mwawo. Ganizo lake linali lomveka: kutenga maselo a m'magazi a wodwala khansa, kuwasandutsa maselo a dendritic mu labotale, kuwapatsa tizidutswa ta chotupa, n'kuwabwezera m'thupi. Steinman mwiniwake, atapezeka ndi khansa ya pancreas mu 2007, analandira chithandizo choyesera cha mtundu umenewu pamodzi ndi mankhwala ena, ndipo anamwalira pa 30 September 2011, kutatsala masiku atatu kuti alengezedwe kuti walandira mphoto ya Nobel. Mu 2010 dziko la United States linavomereza sipuleucel-T, chithandizo cha khansa ya prostate chochokera pa ganizo lomweli. Komabe zotsatira za mayeso ambiri zinali zochepa poyerekeza ndi chiyembekezo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinapezeka pamene Jolanda de Vries ndi anzake ku Nijmegen anaika chizindikiro pa maselo asanawabaye mwa odwala khansa ya pakhungu. Mwa maselo onse obayidwa m'khungu, osakwana 5 pa 100 alionse ndiwo ankafika kumwanabere, ndipo otsalawo ankafera pomwe anabayidwa. Anayesa kulambalala ulendowo pobaya mu mwanabere mwenimweni mothandizidwa ndi sikani, koma mu 2005 zithunzi za MRI zinaonetsa kuti pafupifupi theka la jakisoni wotere ankaphonya, maselo n'kuthera m'mafuta a m'mbali.

Njira ina inali yokonza msewu m'malo mokonza woyenda. Mu 2003, Alfonso Martín-Fontecha ndi gulu la Sallusto ku Bellinzona anasonyeza pa mbewa kuti khungu likayamba latupitsidwa ndi TNF, mitsempha ya lymph imachulukitsa CCL21, maselo obayidwa pambuyo pake amafika ochuluka kangapo, ndipo maselo a T amadzuka mwamphamvu koposa. Mu 2015, Duane Mitchell ndi John Sampson a ku Duke University anayesa zofanana ndi zimenezi mwa odwala 12 a khansa ya muubongo yotchedwa glioblastoma. Theka la iwo anayamba abayidwa katemera wamba wa kafumbata pamalo amene maselo a dendritic amayenera kubayidwa tsiku lotsatira, pofuna kuti thupi, limene linkamudziwa kale katemerayo, litupitse khungu la pamenepo. Mwa odwala amenewa maselo ambiri anafika ku anabere, ndipo iwo anakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo kuposa anzawo. Odwala 12 ndi ochepa kwambiri moti sangakhale maziko a chithandizo, ndipo nkhani ngati imeneyi imafunika mayeso akuluakulu isanakhulupiriridwe. Komabe magulu onse awiri analandira katemera wa maselo wopangidwa mofanana, ndipo chimene chinasiyana chinali khungu limene maselowo anayambira ulendo.